Likongwe wa M'mabuloko a Bambo

Kuseri kwa nyumba yathu ku Dambwa, m'tauni ya Livingstone, kunali mulu wa mabuloko umene sunkakhudzidwa ndi munthu. Anawaumba ndi bambo anga, pang'onopang'ono, Loweruka lililonse akapeza thumba la simenti, pofuna kuwonjezera chipinda pa nyumba ya amayi awo. Anamwalira asanakumbe n'komwe maziko. Mayi anga anawatsatira ine ndisanayambe sukulu, ndipo ndinatsala m'manja mwa agogo, amayi a bambo angawo. Mabuloko aja anatsala pamene anawasanja mwiniwake, pafupi ndi mpanda, atada ndi mvula, udzu ukumera m'mabowo mwake.

Anthu ankabwera kudzawafuna. Wina akamamanga chimbudzi, wina akafuna kukuza shopu yake, ankayamba ndi moni wautali kenako n'kuloza kuseri. Agogo ankangoyankha kuti, "Ali ndi mwini wake," n'kupitiriza zimene ankachita. Ngakhale thawulo sankayanikapo. Ine ndinakwerapo kamodzi ndili wamng'ono, ndikufuna kuona utsi wa mathithi umene umaonekera kummwera madzi akadzaza. Agogo sanandimenye. Anangonditsitsa ndi manja awiri, ndipo tsiku lonselo sanandiitane "mkazi mnzanga," monga ankandiitanira akakhala kuti mtima uli m'malo. Sindinabwerezenso.

Agogo anabadwira m'Livingstone momwemo, koma makolo awo anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito ya njanji. M'nyumba tinkalankhula Chichewa cha kwawo, tikatuluka pageti n'kumalankhula Chinyanja cha m'tauni ngati wina aliyense. Ntchito yawo inali kathebulo ka pamsewu, pamene pankaima maminibasi: tomato, anyezi, ndi repu wa m'kadimba kathu kamene tinkathirira ndi madzi otsukira mbale. Sitinkalankhulana zambiri. Iwo ankalankhula ndi ogula tsiku lonse, moti pofika kunyumba pakamwa pankakhala patatopa, ndipo ine ndinali mwana wongoyang'ana. Tinkagwirizana bwino choncho.

Za bambo ndinali ndi mabuloko oti ndiziwaona. Za mayi ndinali ndi nkhuku. Ndili wakhanda, mayi anapita nane kumudzi kwawo cha ku Kalomo kukandionetsa kwa abale, ndipo kumeneko mwana wobwera koyamba sabwerera chimanjamanja. Anandipatsa msoti. Unali wa kameta, nkhuku zija zopanda nthenga m'khosi, zooneka ngati wina anayamba kuzisosola kenako n'kuitanidwa. Maliro a mayi atatha, njira ya kumudziko inamera udzu, ndipo abale ajawo sindikuwadziwa mpaka lero. Koma msoti uja unaswa, ana ake anaswanso, ndipo pakhomo pathu sipankasowa khosi lofiira. Agogo ankadya ndi kugulitsa nkhuku zina zonse, koma ya kameta sankaigwira asanandifunse. "Izi n'za kuchikazi kwako," ankatero. "Ine ndimangozisunga."

Mpanda wathu tinkagawana ndi bambo wina wosema ziboliboli zogulitsa ku Mukuni Park. Anali wobadwira m'tauni, bambo ake Mlozi, mayi ake Mbemba, ndipo ankanena yekha kuti mtundu wake ndi wa pa siteshoni. Ankasemera pansi pa mtengo wa mango, umene nthambi zake zinkagwera mbali yathu, motero mawu ake tinkawamva tsiku lonse.

"Ba mbuya," ankafuula, "izi zanu ni nkhuku olo ni miimba? Zinithyola mtima m'mawa-m'mawa."

"Inu aneba, nyamalikiti wanu uja khosi lake linafika kudenga, ife tinanenapo kanthu?"

"Uja ni luso, ba mbuya. Bazungu bamagula."

"Izinso n'luso. Anasema ndi Mulungu."

Chaka chimene ndinali mu giredi sikisi, chitopa chinalowa m'dera lathu ndi mphepo ya mwezi wa Ogasiti. Nkhuku zinkangokhala ndwii, mapiko pansi, m'mawa mwake n'kuzitola. Pakhomo pathu panatsala thadzi limodzi lokha, la kameta, lokalamba, la miyendo ya mamba. Tambala wa aneba ndi amene anapulumukanso, ndipo thadzi lija linaikira mazira ochepa m'dengu lakale kukhitchini, linafungatira, n'kuswa kutentha kutafika pachimake. Anapiye ambiri anatengera bambo wawo. Atatu okha ndi amene anatuluka ndi makosi opanda kanthu.

Agogo analiyang'ana thadzilo nthawi yaitali, kenako anati, "Ili silidzafungatiranso. Ukafuna mtundu wa amayi ako, uli mwa atatuwa."

Sabata isanathe, anapiye anayamba kuchepa. Tinkawatulutsa m'mawa ali onse, ine n'kupita kusukulu, agogo kuthebulo, pobwera masana n'kupeza wina palibe. Panalibe nthenga, panalibe magazi. Agogo anayang'ana kumwamba, ndipo kumwambako kunalidi kabawi, akuzungulira monga amachitira nyengo imeneyo, mchira wake wa mphanda ukupendekeka uku ndi uku.

"Wakuba ndi uyo," anatero. "Alibe n'manyazi omwe."

Tinamanga zingwe kuchokera pa denga kukafika pa mango, n'kupachikapo timapepala tonyezimira ta mabisiketi. Kabawi anapitiriza kuzungulira, anapiye anapitiriza kuchepa, ndipo mmodzi wa akameta aja anapita. Lachinayi agogo anabwera kuchokera ku msonkhano wa amayi a kutchalitchi ali ndi kabotolo m'chikwama. Munali jivi, mankhwala apepo aja opaka pazilonda. Amayi ena anawauza kuti kabawi amadziwa mwanapiye ndi mtundu wake. Ukamupaka jivi, kabawi amaona ngati duwa kapena chipepala, n'kudutsa.

Tinathira jivi m'beseni la madzi pang'ono. Ine ndinkagwira anapiye, agogo n'kumawapaka ndi kansanza, mmodzimmodzi, kuyambira pamutu mpaka kumchira. Akameta aja makosi awo anamwa mtunduwo kuposa nthenga, anachita kuoneka ngati avala mikanda. Tinawayanika padzuwa pang'ono, kenako tinawabwezera kwa mayi wawo.

Thadzi linawayang'ana ndi diso limodzi, linatembenuza mutu n'kuwayang'ananso ndi linalo. Kenako linafufuma nthenga zonse n'kujompha woyamba amene analiyandikira. Anapiye ankalithamangira akulira, ilo n'kumathawa, likaima n'kumawajompha. Amayi a kutchalitchi aja anaiwala kunena, kapena nawonso sankadziwa, kuti si kabawi yekha amene amadziwa mwanapiye ndi mtundu wake.

Aneba anali atatsamira pampanda, tchizulo chili m'manja, akuseka mpaka kutsokomola.

"Ba mbuya, mwapusitsa mai wake, kabawi akali kuona! Manje pakani na yeve, bazibane."

Agogo analigwira thadzi lija n'kulipaka jivi yense wotsala, khosi, msana, mapiko. Linatuluka m'manja mwawo likutokota, lapepo ngati nsalu ya paguwa nyengo ya Lenti. Manja a agogo nawonso anada mpaka m'zigongono, ndipo Lamlungu anapita kutchalitchi atawabisa m'chitenje. Koma thadzi silinasinthe maganizo. Madzulo linkalola anapiye kulowa m'mapiko mwake, mwina chifukwa mumdima onse ndi amodzi. Kukacha linkawasiya n'kumakadya lokha kudzala.

Anapiye opanda mayi amafuna pobisala. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala kuno kumapsereza mchenga moti sungaupondeko wopanda nsapato, ndipo mthunzi wozizira pabwalo lonse unali m'munsi mwa mabuloko. Anapiye athu apepo anayamba kukhala kumeneko tsiku lonse, ataunjikana. Ndipo anayamba kutha msanga kuposa kale.

Nthawi imeneyo tinkaweruka masana. Tsiku lina, m'malo mopita kukathandiza kuthebulo, ndinakhala pakhomo la kukhitchini, msana utatsamira chitseko, osachita kanthu. Kukhala chete ndinkakutha kuyambira kale. Mwana wamasiye amaphunzira kumvetsera nyumba, kudziwa kuti lero kuli bwanji asanauzidwe. Kabawi anadutsa kawiri, sanatsike. Apumbwa ankakangana mu mango. Kenako anasiya kukangana n'kuyamba kulira kwina, kokalipa, onse atayang'ana pansi.

M'bowo la buloko la mzere wachiwiri munatuluka kamutu kosongoka. Kanayang'ana uku ndi uku ndi timaso tofiira. Kenako thupi linatsatira, lalitali, lowonda, lofiirira ngati mchenga womwewo, ndi mchira wautali wakuda kunsonga, wopindikira m'mwamba. Sikanathamange. Kanatsetsereka ngati madzi, kanatola mwanapiye mmodzi pakhosi, n'kubwerera m'bowo momwe kanatulukira. Anapiye enawo anabalalika pang'ono, kenako anabwerera pamthunzi pomwepo.

Madzulo ndinawauza agogo kuti si kabawi, ndipo ndinafotokoza kanyamako.

"Likongwe," anatero, atasiya kudula repu. "Amayi anga ankamutchula. M'tauni muno likongwe achokera kuti? Wamuona walowera kuti?"

"Cha kumpanda," ndinayankha.

Silinali bodza lenileni, pakuti mabuloko anali cha kumpanda. Koma ndinkadziwa kuti ndikatchula mabuloko, ndiye kuti ndawauza agogo kuti asankhe pakati pa za mwana wawo ndi za mayi anga.

Aneba atamva anati akumudziwa bwino. "Kaja kamchira? Kamachoka ku thengo ya ku Dambwa uko, kamayenda mu ngalande. Ni kakawalala ka masana, sikaopa na munthu." Anatipangira msampha wa bokosi, chitseko chake chogwa chokha, m'kati tinaikamo dzira. Tsiku loyamba dzira linapita, chitseko chili chotsegula. Tsiku lachiwiri chitseko chinagwa, ndipo titasuzumira tinapezamo thadzi lathu lapepo, litadya dziralo, likutiyang'ana mwaukali. Kenako aneba anabweretsa kambuku wamtengo amene anang'aluka mwendo posema, woti sakanagulidwa, n'kumuimika pakati pa bwalo, mano ali pamtunda.

"Aka kakaona ichi, kazasamuka na katundu," anatero.

Masana ake ndinaona likongwe atakhala pamsana pa kambukuyo, akudzikanda kukhutu.

Anapiye otsala tinayesa kuwatsekera m'khitchini, koma khitchini yathu inali ya malata, chitseko chake chosafika pansi, ndipo masana munkatentha ngati mu uvuni. Agogo ankati akafera m'nyumba ndi bwino akafere panja. Ine ndinkawalondera ndikaweruka, koma m'mawa panalibe munthu pakhomo. Tinafika potsala ndi anapiye atatu, ndipo wa kameta anali mmodzi yekha.

M'mawa mwake, agogo atanyamula thebulo lawo, ndinatenga kameta uja n'kumuika m'ndowa yachitsulo pamodzi ndi madeya ndi kachivundikiro ka madzi. Pamwamba ndinaikapo lichero, n'kutsendereza ndi mwala. Ndowayo ndinaiika pamthunzi wa mango. Ndinapita kusukulu mtima uli pansi, ndikudziona wochenjera. Sindinaganize kuti mthunzi umayenda.

Pobwera ndinapeza ndowa ili padzuwa, yosagwirika. Mwanapiye anali atagona chammbali, miyendo itawongoka, maso otseka, kukamwa kuli yasa. Sindinalire. Ndinamunyamula m'manja n'kuthamanga naye kumsewu, yunifolomu ili m'thupi, mpaka pathebulo pa agogo, n'kungowatambasulira manja.

Agogo anasiya wogula ali chiimire. Anakhuthula tomato amene anali m'mbale yachitsulo, anamuika mwanapiye pansi pamthunzi wa thebulo, anamuwaza timadzi, n'kumuvundikira ndi mbaleyo. Kenako anayamba kugogoda pamwamba pake ndi supuni, ngo ngo ngo, osafulumira. Anthu odikira minibasi anayandikira. Kondakitala wina anafunsa ngati ambuya ayamba kuombeza. Agogo anapitiriza kugogoda. Atavundukula, mwanapiye anali atakhala tsonga, akuphethira, ngati munthu amene wadzutsidwa pakati pa tulo ndipo sakudziwa kuti ali kwa yani. Anamuviika mlomo m'madzi, iye n'kumeza.

Anthu atabalalika, agogo anandiyang'ana.

"Iwe, nkhuku amaisunga m'ndowa ngati nsomba? Bwanji sunamusiye ndi anzake?"

"Akanamutenga."

"Ndiye tizingomubisa mpaka liti? Likongweyo tikanadziwa kumene amagona, bwenzi titathana naye."

Ndinayang'ana mwanapiye, khosi lake lapepo likugunda. Ndinati, "Amagona m'mabuloko a bambo."

Agogo anabwezera tomato m'mbale mmodzimmodzi, n'kumusanja bwinobwino ngati kuti pali wina woti adzayendere. Madzulo tinadya osalankhula, koma kumeneko sikunali kwachilendo kwa ife, moti sindinadziwe ngati akwiya.

Tsiku lotsatira ndinapeza thebulo lili m'nyumba, agogo atakhala pakhomo la kukhitchini, pamalo anga aja. Anasendera kuti ndikhale pambali pawo. Anapiye anali m'dengu pamiyendo pawo, atawafunditsa kansalu. Tinakhala choncho nthawi yaitali. Agogo sanazolowere kukhala osagwira kanthu, zala zawo zinkangosewera ndi mphonje ya chitenje. Ndinawagwira dzanja apumbwa atayamba kukalipa.

Likongwe anatuluka m'bowo lake lomwe lija. Anayang'ana pamthunzi pamene pankakhala anapiye, sanapeze kanthu. Anakwera pamwamba pa mulu, anaima ndi miyendo iwiri, n'kuyang'ana bwalo lonse ngati mwini nyumba amene akuona ngati ana asesa.

Agogo anatulutsa mpweya m'mphuno, kuseka kosafuna.

"Ndiye chipinda chija chinapeza wokhalamo," anatero. "Ine ndikuthamangitsa anthu zaka zonsezi, kusungira uyu."

Loweruka m'mawa anavala chitenje chakale, anamanga duku, n'kupita kuseri. Buloko loyamba ananyamula okha. Sanalole kuti ine kapena aneba tiyambe. Analiika pansi pakati pa bwalo, analiyang'ana, kenako anati, "Bwerani, mukuonerera chiyani?"

Tinagwira ntchito mpaka dzuwa kukwera. Aneba ankatsitsa, ine ndi agogo tinkanyamula awiriwiri. M'mabowo munali zambiri: nyerere, abuluzi, chikopa cha njoka chouma chimene chinatiimitsa kaye. Mabuloko ena anali ndi zidindo za zala m'mbali, pamene munthu anawanyamula asanaume. Agogo anaika zala zawo m'zidindozo, sizinakwanemo.

"Bambo ako anali wopupuluma," anandiuza. "Ndinkamuuza kuti dikira ziume. Ngakhale mbatata ankadya yosapsa."

Aka kanali koyamba kundiuza kanthu kotere za iwo. Kale ankangonena kuti anali munthu wabwino, monga amanenera za aliyense amene anapita.

Titafika mizere ya pansi, tinapeza chisa cha udzu wouma, zikhokhombe za mazira, ndi tinthenga tapepo tambirimbiri tomatirira m'bowo. Aneba anawerama kuti aone bwino, ndipo nthawi yomweyo likongwe anatumphuka m'buloko la pambali, anadutsa pakati pa miyendo yawo, n'kulowa mumpanda mchira uli m'mwamba. Aneba analumpha n'kugwera pa kambuku wawo wamtengo.

"Mayo! Kanipita mu mendo!"

"Munthu wosema mikango," anatero agogo, akupukuta misozi ya kuseka ndi nsonga ya duku. "Mawa mukauze azungu anu."

Ndinkaganiza kuti mabuloko tiwasanjanso pena. Koma agogo anatenga kamtengo n'kujambula malo a khola pamchenga, pafupi ndi khitchini, pamalo oonekera kuchokera pakhomo. Khola limene tinamanga silinali lalikulu. Aneba ndi amene anamanga, agogo akuwalondolera ngati kapitawo. Pansi tinathira simenti kuti chilichonse chisakumbe. Mabowo onse a mabuloko tinawatseka ndi matope, popeza tinali titaona ntchito yake. Mazenera tinaika waya wa timabowo ting'onoting'ono, woti chala changa chokha n'chimene chinkalowa, ndipo kutsogolo tinatchinga kabwalo ka waya, pamwamba pomwe, kuti anapiye aziothera dzuwa kabawi akuwaona koma osawapeza. Chitseko aneba anachisema ndi thabwa la mukwa lotsala, chokhala bwino kuposa cha nyumba yathu. Udzu wa kumpanda tinalambula, ndipo nkhuku zitadzachulukanso, mazira tinkatola tsiku lomwe aikiridwa, osawasiya m'chisa.

Likongwe sitinamuphe. Anasamukira kungalande ya kuseri kwa mipanda, ndipo nthawi zina ndinkamuona akudutsa msewu masana, mchira uli m'mwamba. Agogo ankati amathandizako makoswe. Kawiri kapena katatu anabwera kudzazungulira khola, ananunkhiza waya, n'kubwerera.

Anapiye atatu aja anakula. Mtundu wapepo unatha pamene nthenga zenizeni zinamera, koma wa kameta khosi lake linakhala lodera kwa nthawi, moti aneba anamutcha ba bishopu. Tsiku lililonse ndinkamuyang'ana, kudikira kuti aoneke msoti, adzaikire, adzafungatire. Miyendo yake inkangotalika. Lipombo la pamutu pake linayamba kufiira ndi kukula. Agogo ankamuyang'ana n'kuyang'ana kumbali. M'mawa wina mvula itayamba, tinamva m'khola mawu osasa, oduka pakati, ngati chitseko cha dzimbiri.

"Mkazi mnzanga," agogo anaitana ali m'chipinda, "msoti wako uja ukulira."

Ndinakhumudwa, sindikana. Thadzi lokalamba lija linafa mvula isanathe, monga ananenera agogo, losaikiranso. Tambala safungatira, ndipo anapiye awiri enawo analinso atambala, amene tinadya mmodzi pa Khirisimasi, wina pa Chaka Chatsopano. Wa kameta agogo sanamutchule n'komwe, ngakhale kuti tambala wopanda thadzi pakhomo ndi ndiwo chabe. Atakula moti likongwe sakanamutha, tinayamba kumutsegulira, ndipo ankangodya m'mawa n'kuwuluka mpanda, kubwera madzulo.

Dzinja litatha, aneba anaitana pampanda.

"Ba mbuya! Bwelani muone vamene bachita ba bishopu banu."

Thadzi lawo latsopano, loyera bwino, limene anagula atataya nkhuku ndi chitopa, linali likuyenda pansi pa mango ndi anapiye ake. Theka la iwo makosi anali opanda kanthu. Pasanapite nthawi mayi wa kuseri kwa ngalande anabwera kudzadandaula zomwezo, kenako wina wa kumsewu wachiwiri. Chitopa chinali chitapha atambala ambiri m'deralo, ndipo wathu anapeza makomo otsegula paliponse. Agogo ankawamvetsera onse mwaulemu, manja ali pamiyendo.

"Pepani," ankatero. "Koma nkhuku zake n'zolimba. Kutentha sizikumva."

Anapiye a aneba atasiyana ndi mayi wawo, bambo aja anabwera okha kudzera pageti, osati pampanda, atanyamula msoti wa kameta m'khwapa. Anaupereka kwa ine, osati kwa agogo.

"Tenga, mwana. Ni wa ku nyumba kwanu uyu. Ine ningamuyang'ane m'mawa, chakudya sichingapite."

Ndinalandira ndi manja awiri, ndikugwada, monga anandiphunzitsira agogo. Msotiwo unali wofunda, khosi lake lofewa ngati chikope. Ndinaulowetsa m'khola la mabuloko n'kutseka chitseko cha mukwa.

Agogo anapita zaka zingapo zapitazo, atakalamba bwino, ndipo nyumba ija ndikukhalamo ine. Ndimagwira ntchito yochapa ndi kusita ku loji ina ya kufupi ndi mathithi, ndimachoka m'mawa nkhuku ndisanazitsegulire, ndiye anapiye amakhala m'kabwalo ka waya mpaka nditabwera. Mabuloko amene anatsala pomanga khola ndinawonjezera ena n'kumangira bafa. Nthawi zina ndikamatsika minibasi ndimaona nkhuku ya kameta ikupalasa pakhomo pa anthu amene sindiwadziwa, misewu ingapo kuchokera kwathu. Ndimaima pang'ono n'kuiyang'ana, kenako ndimapita kukatola mazira.